Mlandu wa Mchere ku Chinsapo

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Ndinabadwa, ndinadwala chikuku, ndinachira, basi. Wofuna zambiri akafunse azakhali anu a ku Dowa, koma ndikuchenjezeretu kuti iwo aja amawonjezera nkhani. Ine sindiwonjezera. Chilichonse chimene chili m'kope lino ndi choona, ndipo pamene mukuona ngati ndakokomeza, dziwani kuti pamenepo ndiye ndachepetsa. Ndikulemba chifukwa mmodzi wa inu, sindimutchula koma ndi wamtali uja, anamva pa maliro ena kuti bambo ake anazengedwapo mlandu wa mkazi wa mwini. N'zoona, ndinazengedwa. Koma mumve kwa wozengedwa mwiniwake mmene zinayendera.

Chaka choyamba cha ntchito: Kawale

Ndinayamba ulangizi wa zaumoyo ndili ndi zaka 23, nditavala yunifolomu yabuluu imene anasokera munthu wina wamkulu kuposa ine kawiri. Mayina a zipatala zimene ndinagwirako sinditchula, chifukwa ena mwa anzanga a nthawi imeneyo akadali moyo ndipo ali ndi mafoni. Ntchito yanga inali kuyeza ana pa sikelo, kukumbutsa amayi za katemera, ndi kuyenda khomo ndi khomo kuona ngati anthu ali ndi chimbudzi chotseka bwino. Sabata yoyamba ndinabwerera ku ofesi ndikumwetulira, n'kuuza bwana wanga, Sisitala Mwale, kuti mzere wonse wa nyumba zisanu ndi ziwiri uli ndi zimbudzi za zitseko. Sisitala Mwale anali mayi wamfupi amene ankayang'ana munthu pamwamba pa magalasi mpaka munthuyo n'kuyamba kuulula machimo amene sanafunsidwe. Anandifunsa kuti, "Gwaza, zitsekozo zinali za mtundu wanji?" Ndinati zobiriwira. "Zonse?" Ndinati zonse. "Mawa ubwerereko. Ukalembe dzina lako ndi choko kuseri kwa chitseko choyamba." Ndinapitadi, ndipo dzina langa ndinalipeza kasanu ndi kawiri. Chitseko chinali chimodzi. Chinkanditsogolera kudzera kuseri kwa nyumba pamene ine ndinali kulonjeredwa kumaso. Pali Mulungu, pa nyumba yomaliza chinafika mochedwa, ndinachita kuchidikira.

Nditawafotokozera, Sisitala sanaseke. Anati, "Anthuwa sakukunamiza chifukwa chodana nawe. Akufuna uchoke pakhomo pawo uli wokondwa. Ndiye munthu akakusangalatsa kwambiri, yang'ana kuseri." Kuyambira tsiku limenelo sindinakhulupirirenso munthu msanga. Amayi anu atandilola, ndinawafunsa katatu ngati amva bwino funso.

Chaka cha 9 mpaka cha 16: Biwi

Atandisamutsira mbali ya ku Biwi anandipatsa benchi ya Lachinayi. Limeneli linali tsiku la anthu a matenda osachoka m'thupi: a BP, a shuga ndi a mtima. Bwana wanga anali a Kapito, dokotala wa pachipatalapo, munthu wa ku Mulanje amene ankatulutsa mawu amodziamodzi ngati akuzula minga. Zipangizo zinali zochepa. Makina oyezera BP anali amodzi, ndipo lamba wake wokulunga pamkono ankatulutsa mpweya, moti kuyeza munthu mmodzi kunkafuna anthu awiri, wina wopopa, wina wotseka bowo ndi chala. Sikelo ya akuluakulu inatopa chaka china n'kugamula kuti anthu onse ndi ofanana pamaso pake. Agogo owonda ngati bango ndi bambo wogulitsa nyama amene ankalowa pakhomo cham'mbali, onse inkawapatsa nambala imodzi. A Kapito anandiitana n'kunena kuti, "Gwaza, makina tilibe, koma odwalawa ali ndi maso ndi zala. Uwaphunzitse kudziyang'anira. Ife timawaona Lachinayi lokha. Masiku ena onsewo dokotala ndi mwiniwake."

Ndiye ndinkaima patsogolo pa benchi n'kumanena zomwezomwezo mpaka makoma anaziloweza. Mtima ukafooka sukankha magazi mokwanira, madzi amadikha m'miyendo ndi m'chifuwa. Mchere umaitana madzi ngati mmene mphekesera ya phwando imaitanira achibale. Choncho chepetsani mchere, ndipo musandipusitse ndi soda wa m'therere kapena timapaketi tokometsera ndiwo, chifukwa amenewo ndi mchere womwewo utavala suti. Mapiritsi muzimwa tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene mwadzuka mukumva ngati munganyamule minibasi, ndipo okodzetsa aja musamawadumphe chifukwa choti muli ndi ulendo. M'mawa uliwonse dinani ndi chala pamwamba pa kakolo. Pakatsala dzenje, kapena nsapato ikayamba kukana mwiniwake, kapena mukayamba kugona chokhala chifukwa cha phuma, musadikire Lachinayi, bwerani tsiku lomwelo. Fodya ndi mowa muwatsanzike bwinobwino ngati anzanu amene akusamuka. Muziyenda pang'ono tsiku lililonse, mukatopa muzipuma.

Onse ankavomera. Sindinaonepo anthu ovomera ngati a pa benchi ija. "Mchere? Ife tinasiya kalekale, adokotala." Ankanditcha adokotala ngakhale ndinali ndisanabayepo munthu wamkulu jakisoni. Koma Lachinayi lotsatira miyendo inkanena zina. Ndiye ndinayamba kuyenda ndi supuni m'thumba la shati, pamene anzanga amaika cholembera. Ndinkafika pakhomo nthawi yophika, osachenjeza, n'kupempha kulawa ndiwo. Mchere ndinaupeza m'malo amene ngakhale apolisi sangaganize: m'chibowo cha mabatire a wailesi, m'sokosi ya pansi pa pilo, m'chikwama cha Baibulo cha mkulu wina wa mpingo amene anandiuza maso ali gwa kuti ndi wophera nkhono m'dimba. Bambo wina ankapita kukacheza kwa aneba nthawi ya nkhomaliro tsiku lililonse, ndipo mkazi wake ankadabwa kuti mwamuna amene sadya akunenepa bwanji miyendo yokha. Dera lonse linandipatsa dzina loti a Kulawa. Ndikangotulukira pa kona, amayi ankafuulirana pamwamba pa mipanda, ndipo ndikulumbira kuti ngakhale anthu amene sankadwala chilichonse ankabisa mchere.

Ndinkanyadira nazo. Ndinkaganiza kuti kukayikira ndi luso, ndipo kuti munthu wokayikira sangalakwitse. Ku Chinsapo ndi kumene ndinaphunzira kuti pamene iwe ukusuzumira m'miphika ya eni, ena amakhala akusuzumira iweyo.

Chaka cha 17: Chinsapo

A Kapito anasamutsidwira mbali ya ku Chinsapo ndipo patapita miyezi ingapo anandiitanitsa, pamodzi ndi supuni yanga. Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi a Mbewe. Anali dalaivala wa lole yonyamula mabelo a fodya ku Kanengo, bambo wa thupi lalikulu, wa mawu otsika. Anabwera atadula nsapato zawo kumbuyo kuti mapazi alowe, akupuma ngati akwera phiri pamene angokwera masitepe awiri. A Kapito anawatumiza ku chipatala chachikulu, ndipo anabwerako ndi pepala lonena kuti mtima wawo ndi wofooka. Nditamaliza kuwaphunzitsa, anadikira kuti benchi ithe, n'kundikokera kuseri.

"A Gwaza, mumapemphera inu?"

"Lamlungu lililonse limene sikukugwa mvula."

"Ndiye mundilumbirire kuti nkhani iyi siituluka. Mlongo wanga Nambewe, nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, masana imakhala itafika ku Mchinji. Mwamuna wake amagwira pa geti kuntchito kwathu komweko. Mabwana akangomva kuti dalaivala ali ndi vuto la mtima, makiyi andilanda. Ndili ndi ana anayi."

Ndinawauza kuti kulumbira n'kosafunika, chifukwa lamulo la ntchito yathu limati matenda a munthu ndi chinsinsi chake. Koma ndinati wophika ayenera kudziwa. Anavomera kuti mkazi wawo yekha, Nachisale, auzidwe.

Nachisale anali mayi wosayankhulayankhula, wogulitsa masamba pakhomo. Mwa anthu onse amene ndinawaphunzitsa, ndi iye yekha amene anandifunsa funso lanzeru. Anati, "Nanga ana? Nawonso asiye?" Tinagwirizana kuti aziphika mphika wonse wopanda mchere, ndipo mchere aziuika pa kambale, ana azidzithirira okha m'mbale zawo. Mapiritsi a Mbewe ankawasunga m'lole kuti alendo asawaone. Mwezi woyamba miyendo inaphwa, bamboyo anagula nsapato zatsopano. Koma mwezi wachitatu dzenje linabwerera pamwamba pa kakolo. Ine, wophunzira wa Sisitala Mwale, ndinati basi, mayi wofatsa uja wandisangalatsa kwambiri, ndiyang'ane kuseri.

Ndinapita kwawo katatu m'masabata awiri, masana, a Mbewe ali kuntchito. Ndinkatsamiritsa njinga pa mpanda, njinga imene dera lonse linkaidziwa chifukwa belu lake linkalira lokha ngakhale itaima, n'kulunjika kukhitchini. Ndinalawa nyemba, zinali zozizira ngati moni wa landilodi. Ndinalawa mpiru, chimodzimodzi. Ulendo wachitatu ndinayamba kusuzumira m'zitini, ndipo Nachisale anaika chipande pansi.

"Adokotala, kwenikweni mukufuna chiyani? Ngati ndi mchere, ndi uwo pa kambale, wa ana. Ine m'mphikamu sindinathiremo kuyambira tsiku limene munandiuza. Bwanji osakafunsa amene amachoka m'mawa n'kubwera madzulo milomo ikunyezimira?"

Ndinawafunsadi Lachinayi lotsatira. A Mbewe anakanda m'mutu n'kuvomera kuti masana aliwonse ankadya tchipisi ndi kanyenya pa chiwaya ku Kanengo, atawaza mchere ndi dzanja la dalaivala. Anati, "Ndimayesa mumanena wa kunyumba. Wa panjira umawerengedwanso?" Ndinawayankha kuti mtima sufunsa adiresi ya mchere. Analonjeza kusiya, ndipo ine ndinaganiza kuti nkhani yatha.

Sinathe, chifukwa sabata yomweyo Nambewe anabwera kuchokera ku Kauma kudzacheza kwa mchimwene wake. Pano ndiyenera kukufotokozerani, inu obadwira m'tauni, chinthu chimene ine wobadwira kumudzi ndinayenera kuchikumbukira tsiku loyamba lomwe. Kwathu akuluakulu amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kuthira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, mwamunayo amadwala mdulo: miyendo imatupa, chifuwa chimapweteka, amatsokomola, amabanika. Ndipo mkazi amene akudziwa kuti sali bwino amapewa kuthira mchere kuti asapweteke a m'nyumba. Amatero ali kumwezi, masiku ochepa, ndipo aliyense amamvetsa. Tsono taganizani zimene Nambewe anapeza. Mchimwene wake miyendo yotupa, akutsokomola, akugona pa mapilo atatu. Mlamu wake sakhudza mchere, ndipo ana akuti zinayamba miyezi itatu yapitayo. Atafunsa aneba ngati pamabwera munthu pakhomopo, aneba, amene anali atadikira funso limeneli ndi njala, anati pamabwera wa njinga, masana, bambo kulibe, ndipo amalowa mpaka kukhitchini. Ine ndemwe, ndikanakhala Nambewe, ndikanadzimanga.

Loweruka la mlandu

Lachitatu kunabwera amalume a Nachisale, a Chisale, amene anali nkhoswe ya kuchikazi. Anavula chipewa n'kundiuza mwaulemu kuti Loweruka m'mawa ndikufunika pakhomo pa a Mbewe, ndipo kuti mwana wa mlongo wawo akulongedzetsedwa ngati sipaoneka chomuyeretsa. Ndinathamangira kwa a Kapito. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Chinsinsi ndi cha wodwala. Ukachitulutsa ndilemba lipoti." Ndinati nanga mayiyo? Anati, "Mayiyo si wodwala wathu." Kenako anawonjezera kuti, "Kamupemphe wodwala mwiniwakeyo. Pakamwa pake pokha ndi pamene zingatulukire bwino."

Lachisanu ndinawadikira a Mbewe pa siteji poweruka. Ndinawapempha, ndinawachonderera, ndinatsala pang'ono kugwada pamaso pa makondakitala. Ndinati auze mlongo wawo yekha. Anaseka pang'ono.

"Kuuza Nambewe yekha ndi kuuza Lilongwe yonse."

"Ndiye mukufuna akazi anu achoke ndi dzina limeneli?"

"Sachoka. Mlongo wanga amakalipa masiku awiri n'kutopa. Inu mawa mungoti mumabwera za katemera."

"Mwana wanu wamng'ono ali Fomu 1, a Mbewe. Katemera wanji?"

"Mupeza chonena. Inu ndi ophunzira."

Loweruka ndinapeza mipando yobwereka itaikidwa pabwalo, mkeka pakati. Kuchimuna kunali mkulu wawo wa a Mbewe, kuchikazi a Chisale. Nachisale anakhala pamkeka atatambalala, a Mbewe pampando maso ali pansi. Pamwamba pa mpanda panali mitu yambiri moti mpandawo unkaoneka ngati wabereka maungu. Nditangotsika njinga, Nambewe anandiyeza kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye awa? Ine ndimayesa ndi chimunthu chooneka. Alamu, mwatinyozetsa kawiri. Kulakwa mwalakwa, koma ngakhale kusankha?"

Mpanda unaseka. A Chisale anapempha bata, n'kundifunsa chimene ndinkadzachita pakhomo pa eni masana. Ndinati ndinkabwera pa ntchito.

"Ntchito yanji?" anatero Nambewe. "Ana onse ndi akuluakulu. Chimbudzi ndi icho, chili panja. M'khitchini mumayezamo chiyani?"

"Ndimalawa ndiwo, mayi."

"Mwamva? Amalawa ndiwo za achimwene anga! Boma likulemba anthu ntchito yolawa ndiwo masiku ano? Tiuzeni nafenso tikalembetse. Ndani akudwala m'nyumba muno woti azaumoyo azimulawira?"

Ndinayang'ana a Mbewe. A Mbewe ankayang'ana nsapato zawo ngati aziona koyamba. Ndinati sindingathe kuyankha funso limenelo. Mpanda unang'ung'udza, ndipo ndinamva mayi wina akuti, "Wagwidwa."

Pamenepo Nambewe anatulutsa chigamulo chimene anabwera nacho chophikaphika. Anati nkhani ndi yosavuta. Iye akhala pakhomopo masabata awiri. Nachisale azithira mchere ndi dzanja lake, iye akuona, m'mawa ndi madzulo, wokwanira ngati mmene anthu amadyera, ndipo mchimwene wake azidya. Ngati mayiyo ali woyera, mchere wake sungapweteke munthu. Kutupa kukawonjezeka, ndiye kuti mdulo wadziulula wokha, alongedze. Akakana kuthira, ndiye kuti wavomera, alongedze lero lomwe. Ankhoswe onse awiri anagwedeza mitu kuti pamenepo palibe kukondera. Nambewe analowa kukhitchini n'kubwera ndi mphika wa nyemba ndi kambale ka mchere kaja, n'kuziika patsogolo pa Nachisale.

Ana anga, mwa anthu onse amene anali pabwalopo, atatu okha tinkadziwa kuti msampha umenewu unalibe khomo lotulukira. Akathira, bamboyo m'masabata awiri atupa ndithu, mwinanso kukagonekedwa, ndipo anthu adzati mdulo. Akapanda kuthira, adzati wavomera. Nachisale anatapa mchere m'dzanja, n'kutembenukira kwa mwamuna wake.

"Bambo a Tadala, ndithire?"

A Mbewe anayamba kukonza kolala ya jekete yawo.

"Ndikufunsa inu. Osati alamu, osati amalume. Ndithire?"

Chete. Ndikulumbira, ngakhale belu la njinga yanga linasiya kulira. Nachisale anabweza mcherewo pa kambale, n'kusasa m'manja.

"Sindithira."

Nambewe anaomba m'manja. "Mwadzimvera nokha!" A Chisale anaweramitsa mutu, n'kunena motsitsa kuti, "Mwana wa mlongo wanga, wandichititsa manyazi. Kalongedze." Nachisale anadzuka osayang'ana aliyense n'kulowa m'nyumba. Ndinawapatsa a Mbewe nthawi. Ndinawerenga chamumtima mpaka khumi, n'kuwonjezera khumi ena a ulemu. Mayiyo anatuluka ndi chikwama chimene, mwa kuoneka kwake, chinali chitalongedzedwa dzulo lake. Atafika pakati pa bwalo, ndinaimirira.

"Akuluakulu, a Mbewe ali ndi matenda a mtima. Pepala la kuchipatala lili m'thumba la jekete yawo, mapiritsi ali m'lole. Amene analetsa mayiwa kuthira mchere ndine, chifukwa mchere umawadzazitsa madzi m'thupi. Ndinkabwera masana chifukwa ndinkawakayikira mayiwa kuti akuthira mobisa, ndipo ndinalakwa, sankathira. Kutupa mukukuonaku ndi kwa tchipisi cha ku Kanengo. Mukawadyetsa mchere masabata awiri, mudzakawazonda ku chipatala chachikulu, ngati mungawapeze."

Nambewe sanagonje msanga, ndipo ndimamulemekeza pa zimenezo. Anati, "Ndiye kuti mdulowo wafika mpaka kumtima." Koma mawu ake anali atatsika, ndipo maso ake anali pa mchimwene wake. Mkulu wawo wa a Mbewe anafunsa kuti, "Iwe, zimene akunena bambowa n'zoona?" A Mbewe analowetsa dzanja m'jekete pang'onopang'ono, n'kuponya pepala lija pamkeka. A Chisale analitola, analiyang'ana chozondoka, n'kulipereka kwa mkulu uja amene ankadziwa Chingerezi. Atamaliza kuwerenga anangoti, "Mphwanga, miyezi itatu yonseyi? Ndipo unakhala pampandopo mkazi wako akutuluka ndi chikwama?"

A Mbewe anatembenukira kwa ine.

"Munalumbira."

"Sindinalumbire. Ndinati ndi lamulo."

"Ndiye mwaswa lamulo."

"Ndaswa."

"Tengani njinga yanu. Pakhomo panga musadzapondenso." Kenako, osakweza mutu, anati, "Mayi a Tadala, bwezani chikwamacho m'nyumba."

Nachisale anaima nacho kaye. Anati, "Ndibweza. Koma mwaona nokha pamene ndinafika nacho."

Lolemba lake, ndi zaka zotsatira: Mgona

Lolemba ndinakadzinenera ndekha kwa a Kapito. Analemba lipoti monga analonjezera, ndipo anandiwerengetsa ndisanasaine. Munalibe bodza ngakhale limodzi, chimene chinandipweteka kwambiri. Ndinalandira kalata yondichenjeza, ndipo mwezi wotsatira anandichotsa pa benchi ya Lachinayi n'kunditumiza mbali ya ku Mgona, kubwerera ku sikelo ya ana. Tsiku lotsanzikana a Kapito anandigwira dzanja n'kunena mawu ambiri kuposa amene ndinawamva kwa iwo m'zaka zonse: "Unalakwa, Gwaza. Ndikanakhala iwe sindikudziwa." Supuni ndinaibweza kukhitchini kwa amayi anu. Patapita zaka zitatu anandilola kuphunzitsanso a mtima, koma kuyambira pamenepo ndinkayamba ndi kufunsa wodwala kuti kunyumba kwake kusathira mchere kumatanthauza chiyani, ndipo ndani ayenera kuuzidwa wophika asanasinthe mphika. Ndinkapemphanso kuti abwere ndi mlongo wawo wolongolola kwambiri, akhale kutsogolo.

Musaganize kuti a Mbewe ankaopa zopanda pake. Zimene ananena zinachitika ndendende. Sabata isanathe nkhani inali itafika pa geti, ndipo mwezi usanathe makiyi anawalanda. Anawapatsa ntchito yokhala pansi, yolemba malole olowa ndi otuluka, akuona anyamata amene anawaphunzitsa okha akuyendetsa lole yawo. Mwana wawo wachiwiri anasiya sukulu ya pulayiveti. Zimenezi ndinazichititsa ndine, ndipo sindikufuna kuti wina wa inu adzazichotse pofotokoza nkhaniyi. Amayi anu, amene anamva za mlanduwu kwa mayi wogulitsa makala ine ndisanafike kunyumba, anandifunsa funso limodzi lokha: "Zikanakhala kuti dzina lako silinali pa mlanduwo, ukanayankhula?" Ndinawayankha kuti inde. Mpaka lero ndimayang'ana kuseri kwa yankho limenelo.

Chaka chatha, nditapuma kale pa ntchito, ndinakumana ndi Nachisale mu msika m'tauni. Imvi zamuyamba, koma kuyenda n'komwe kuja. Ndinkaopa kufunsa, ndiye ndinayamba ndi mitengo ya tomato, mvula, misewu. Anandisiya ndizungulire mpaka ndinatopa.

"Funsani chimene mukufuna kufunsa, adokotala."

"Bambo aja?"

"Alipo. Mapiritsi amamwa, mwendo amadina m'mawa uliwonse. Alamu anga ndiwo asanduka apolisi a mchere, akabwera amanunkhiza mpaka m'matumba."

"Ndiye mwina ndipite ndikawaone. Papita zaka zambiri. Ndikapepese."

Anaika dengu pansi n'kundiyang'ana ngati ndanena zamisala.

"Musayerekeze. Dzina lanu likatchulidwa amalavula. Akamamwa mapiritsi amati, 'Ndimwe, wa njinga uja asadzadye nyemba za pa maliro anga.' Anandiuza kuti tsiku limene adzatume munthu kuti akuitaneni mudzagwirane chanza, ndidzayambe kuitana ana, ndiye kuti akutsanzika."

Choncho, ana anga, mukadzamva kuti ku Chinsapo kuli bambo wina amene amatukwana bambo anu m'mawa uliwonse asanamwe tiyi, musakamuyankhe, ndipo musakapepese m'malo mwanga. Musiyeni atukwane. Ine foni yanga ikalira ndi nambala yachilendo, ndimapemphera kuti asakhale iye.